Radiation ndi immunotherapy pa khansa ya m'mapapo: wodwala akayamba kutsokomola tiyambire pati?

Kachere_Dowa
Moni nonse akuluakulu. Funso langa likupita kwa anzathu a ku khansa. Masiku ano kukumabwera odwala khansa ya m'mapapo amene anakawotchedwa ndi makina ku India kapena ku Joni, ali ndi kalata yoti akulandira durvalumab kapena pembrolizumab, mankhwala a immunotherapy othandiza chitetezo cha m'thupi kumenya khansa. Akadwala usiku sangafike kwa dokotala wawo wa khansa, amathamangira chipatala chapafupi. Tiyerekeze bambo wa zaka za m'ma 50, anamaliza radiation miyezi itatu yapitayo, walandira diripi ya durvalumab katatu. Lero ali ndi chifuwa chouma, akakwera kachitunda akubanika, thupi likutentha pang'ono, X-ray yayera mbali imodzi. Kwathu kuno munthu wotere timangoganiza TB kapena chibayo. Tiyambire pati? Komanso n'chifukwa chiyani amaphatikiza ziwirizi poti zonse zimapweteka mapapo omwewo?

Nachanza
A Kachere, ndiyambe ndi lachiwirilo. Tikamati khansa yafika patali timasakaniza magulu awiri. Pali siteji 3, pamene chotupa chakula kapena chalowa m'anabere a pakati pa chifuwa moti opaleshoni siyingatheke, koma sichinafike ku ziwalo zina. Ameneyu cholinga n'choti achire. Pali siteji 4, pamene yafika ku mafupa, ku ubongo, ku chiwindi kapena phapo linalo. Ameneyu cholinga n'kutalikitsa moyo ndi kuchepetsa ululu. Umboni wolimba wophatikiza ziwirizi uli pa siteji 3.

Ndondomeko yake ndi iyi. Radiation ya 60 Gy (Gy ndi muyeso wa mlingo wa radiation), 2 Gy tsiku lililonse, Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata 6, pamodzi ndi kemo (chemotherapy, mankhwala opha maselo a khansa). Kemoyo imakhala cisplatin ndi etoposide, kapena carboplatin ndi paclitaxel sabata iliyonse kwa amene impso zawo sizingapirire cisplatin. Akamaliza timajambula CT. Ngati khansa sinakule, durvalumab imayamba pasanathe masiku 42, ndipo amalandira kwa miyezi 12.

Izi zinachokera pa kafukufuku wa PACIFIC, wa odwala 713, amene zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 2017. Potenga nambala ya pakatikati (median), olandira durvalumab anakhala miyezi 16.8 khansa isanayambenso kukula, osalandira miyezi 5.6. Patatha zaka zisanu, anthu pafupifupi 43 pa 100 alionse olandira anali moyo, osalandira 33 pa 100.

Chifukwa chake n'chotere. Maselo a khansa amavala puloteni yotchedwa PD-L1. Msilikali wa m'thupi, T cell, akaigwira amabwerera osamenya, ngati wapolisi pa rodibuloko amene waonetsedwa chiphaso chabodza. Durvalumab imaphimba PD-L1 ija, pamene pembrolizumab ndi nivolumab zimaphimba PD-1 imene ili pa msilikaliyo. Radiation nayo ikaswa maselo a khansa, zidutswa zake zimatengedwa kupita m'anabere kumene asilikali amaphunzira kuzizindikira. Ndiye radiation imaulula mdani, mankhwalawo n'kumasula asilikali.

Gulugufe77
Ngati zili choncho bwanji osayamba zonse tsiku limodzi? Masabata 6 odikirawo si kutaya nthawi?

Nachanza
Anayesa, achimwene. Kafukufuku wa PACIFIC-2 anapereka durvalumab kuyambira pa chiyambi cha kemo ndi radiation, ndipo sanapeze phindu looneka poyerekeza ndi kemo ndi radiation zokha. Ndiye pakadali pano dongosolo ndi lomwelo: kuwotcha kaye, mankhwala pambuyo.

Mfizikisi_LL
Ndiwonjezere pamenepo. Ma lymphocyte, asilikali a m'thupi aja, ndi ena mwa maselo amene amafa msanga ndi radiation. Magazi amadutsa m'mapapo ndi mu mtima nthawi zonse, choncho pa masiku 30 aja magazi ambiri amadutsa pamalo owotchedwa. Wodwala amamaliza asilikali atatsika kwambiri. Kuwamasula nthawi imene ukuwaphanso tsiku ndi tsiku sikungapindule kwenikweni. N'chifukwa chakenso masiku ano sitiwotcha anabere onse a pachifuwa mongoteteza monga kale, timawotcha okhawo amene aoneka kuti ali ndi khansa.

Ena amaganiza kuti kuwonjezera mlingo ndiye kupha khansa bwino. Kafukufuku wa RTOG 0617 anayerekeza 60 Gy ndi 74 Gy. Olandira 60 anakhala moyo miyezi 28.7, olandira 74 miyezi 20.3. Wambiriwo unapweteka anthu, ndipo mlingo umene unafika pa mtima unali mbali ya vutolo.

A Kachere, chimene chingakuthandizeni ndi pepala la pulani ya radiation. Muonepo manambala awiri. V20, kutanthauza gawo la mapapo limene linalandira 20 Gy kapena kuposa, timayesetsa lisapitirire 35 pa 100. Mean lung dose isapitirire 20 Gy. Ngati manambalawa anali pamwamba, mwayi woti mapapo atupe ndi waukulu. Odwala opita kunja auzidwe kuti asabwere ndi kalata yokha. Apemphe chidule cha pulani ndi chithunzi choonetsa malo amene anawotchedwa.

Dzuwa_Chipata
Koma mwasiya nkhani yaikulu. Pa siteji 4 ukawotcha chotupa chimodzi, zotupa zina zakutali zimatha kuchepa zokha. Imeneyi ndi abscopal effect, R.H. Mole anaitchula kalekale mu 1953. Ndi immunotherapy zimachitika kwambiri. Ku Netherlands, kafukufuku wa PEMBRO-RT anawotcha chotupa chimodzi ndi 8 Gy katatu kenako n'kupereka pembrolizumab. Zotupa zinachepa mwa odwala 36 pa 100, pamene olandira pembrolizumab yokha anali 18 pa 100. Kuwirikiza kawiri kumeneko. Ine ndikuona kuti aliyense wa siteji 4 amene akuyamba pembrolizumab awotchedwe chotupa chimodzi.

MnyanjaWaKuLeeds
Ayi bambo Dzuwa, pamenepo sindikugwirizana nanu. Manambalawo ndi oona, koma PEMBRO-RT anali ndi odwala 76 okha, ndipo kusiyanako sikunafike pa mlingo umene ofufuzawo anadziikira asanayambe. Ndi chiyembekezo, si lamulo la kuchipatala. Abscopal imachitikadi, koma mwa apo ndi apo, ndipo palibe njira yodziwira pasadakhale kuti ichitika mwa ndani. Banja likamva nkhani imeneyi limagulitsa munda kuti wodwala akawotchedwe kunja, pamene chowathandiza chenicheni chinali mankhwalawo.

Pa siteji 4 msana wa chithandizo ndi mankhwala. Ngati PD-L1 ya chotupa ili 50 pa 100 kapena kuposa, pembrolizumab yokha, 200 mg masabata atatu alionse. Mu KEYNOTE-024 anthu pafupifupi 32 pa 100 anali moyo patatha zaka zisanu, olandira kemo 16 pa 100. Ngati PD-L1 ili pansi, pembrolizumab imaphatikizidwa ndi kemo. Radiation imabwera pa chifukwa chooneka: fupa likupweteka, 8 Gy kamodzi kokha. Akutsokomola magazi kapena njira ya mpweya yatsekeka, 17 Gy m'magawo awiri kapena 20 Gy m'magawo asanu. Chotupa chikupana mtsempha wa msana, miyendo ikufooka, dexamethasone 16 mg pompopompo ndi radiation mkati mwa tsiku limodzi. Zimenezi zimachitika bwinobwino munthu ali pa pembrolizumab, osafunika kuimitsa kwa nthawi yaitali.

Dzuwa_Chipata
Nanga amene ali ndi zotupa zofalikira zitatu kapena zochepera? Kafukufuku wa Gomez anaonetsa kuti kuwotcha kapena kudula zonse kumatalikitsa moyo, miyezi 41 poyerekeza ndi 17.

MnyanjaWaKuLeeds
Ameneyo anali ndi odwala 49, ndipo anachitika immunotherapy isanafale. Atabwereza funso lomwelo mu NRG-LU002, m'mene odwala ambiri anali pa immunotherapy, phindu lija silinaonekenso. Sindikuti tisamawotche konse. Chotupa chimodzi chikayamba kukula zinazo zili phee, kuchiwotcha kuti munthu apitirize mankhwala omwewo n'kwanzeru. Koma tisamalonjeze zimene umboni sunalonjeze.

Dzuwa_Chipata
Pa chotupa chimodzi chokulacho tagwirizana. Pa zinazo ndidikira kafukufuku wina, sindinagonje.

Kachere_Dowa
Zikomo akuluakulu, koma bambo uja akadatsokomolabe. Tabwererani kwa iye.

Mphepo_yaMwera
Tabwera achimwene. Munthu ameneyu ali ndi zinthu zinayi zoti muziganizire nthawi imodzi: kutupa kwa mapapo kochokera ku radiation, kutupa kochokera ku durvalumab, matenda a tizilombo monga TB, chibayo ndi PCP (chibayo cha mafangasi chogwira anthu ofooka chitetezo), komanso khansa yomweyo kukula. Pali chachisanu chimene chimaiwalika, magazi kuundana m'mitsempha ya m'mapapo, chimene chimakonda odwala khansa. Mwendo umodzi ukatupa kapena kubanika kukabwera mwadzidzidzi, ganizirani chimenecho.

Kutupa kwa radiation kumabwera kawirikawiri pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 6 chimalizireni. Pa chithunzi kumakhala pamalo powotchedwa pomwepo, m'mphepete mwake mowongoka, osatsata malire a zigawo za phapo. Chibayo sichijambula mzere wowongoka chotero. Kutupa kwa durvalumab kumatha kubwera nthawi ina iliyonse, ngakhale atasiya mankhwala, ndipo kumakonda kuoneka kunja kwa malo owotchedwa, nthawi zambiri mapapo onse awiri. X-ray imabisa zambiri, CT ndiyo imasiyanitsa bwino. Mu PACIFIC kutupa kwa mapapo kunachitika mwa 34 pa 100 olandira durvalumab ndi 25 pa 100 osalandira, koma koopsa kunali pafupifupi 3 pa 100 mbali zonse. Ndiye n'kofala, koma kukagwidwa msanga ambiri amachira.

Zochita zake. Yezani oxygen atakhala pansi, kenako mumuyendetse pakhonde mphindi zingapo n'kuyezanso. Ambiri amaoneka bwino atakhala, akayenda imagwa. Tumizani makhololo ku GeneXpert, makina oyezera TB, tsiku lomwelo. Ngati chifuwa n'chouma, mufukizeni saline wa mchere wambiri ndi nebulaiza kuti atuluke. Yezani HIV, magazi onse, chiwindi, impso ndi shuga. Malungo musaiwale poti thupi likutentha. Diripi yotsatira ya durvalumab iimitsidwe mpaka dokotala wa khansa adziwe.

Kukula kwa vuto timakuika m'magiredi. Giredi 1, chithunzi chokha, wodwala sakumva kanthu: kumuyang'anira. Giredi 2, akutsokomola ndi kubanika koma sakufunika oxygen: steroid yotchedwa prednisolone 1 mg pa kilogalamu iliyonse patsiku, mpaka 2 mg ngati pakufunika. Bambo wa makilogalamu 60 ndiye 60 mg. Giredi 3, akufunika oxygen: agonekedwe, methylprednisolone ya mu mtsempha 1 mpaka 2 mg pa kilogalamu, pamodzi ndi maantibayotiki chifukwa simunatsimikize kuti si chibayo. Chabwino n'chakuti kutupa kwa radiation ndi kwa durvalumab mankhwala ake oyamba ndi amodzi, ndiye simuyenera kusiyanitsa ziwirizi musanayambe.

WaLabu_BT
Adokotala, pepani ndilowererepo. Prednisolone 60 mg kwa munthu amene mwina ali ndi TB, ku Malawi? Mumupha. TB imayaka ngati moto ikapeza ma steroid. Palibe steroid mpaka zotsatira zituluke.

Mphepo_yaMwera
Nkhawa yanu ndi yoona koma lamulo lanulo n'loopsa. GeneXpert makina ake amatenga maola osakwana awiri. Wa giredi 2 akhoza kudikira maola amenewo. Wa giredi 3 sangadikire, ndipo kumene makhololo amatumizidwa ku chipatala china n'kubwera patatha masiku, munthuyo adzakhala atapita. Tengani makhololo kaye, yambani steroid, londolani zotsatira. Chimene chimapha si steroid ya masiku awiri, ndi steroid ya masabata 6 popanda amene anayezapo TB.

WaLabu_BT
Pamenepo ndamva. Koma ndiwonjezere ziwiri. GeneXpert imodzi ikanena kuti mulibe, sikuti nkhani yatha, makamaka makhololo akakhala malovu okhaokha. Ngati akuwonda, akutuluka thukuta usiku, kapena sakusintha ndi steroid, bwerezani ndipo tumizani kalicha (kumeretsa tizilombo ku labu). Kwa amene ali ndi HIV ndipo CD4 ili pansi pa 200 kapena wadwalika, yezani LAM, njira yoyezera TB mu mkodzo. Chachiwiri ndi chosemphana nacho: amene anadwalapo TB zaka zapitazi, GeneXpert imatha kuona zotsalira za tizilombo takufa n'kunena kuti ilipo. Muyang'ane wodwalayo, osati pepala lokha.

Nachanza
Ndipo TB iyezedwe durvalumab isanayambe n'komwe. Mankhwala otseka PD-1 ndi PD-L1 amadziwika kuti amatha kudzutsa TB yogona ngakhale popanda steroid. Akafukufuku akuluakuluwa anachitikira makamaka kumaiko kumene TB ndi yochepa, ndiye gawo limeneli tiyenera kuliwonjezera tokha.

Vuto lina ndi la kumayambiriro. Odwala ambiri a khansa ya m'mapapo kwathu amayamba amwa mankhwala a TB miyezi ingapo GeneXpert isanaonetsepo kanthu, n'kudzafika kwa ife ali pa siteji 4. Munthu wa zaka zopitirira 40, wosuta kapena wosasuta, amene sakusintha patatha miyezi iwiri ya mankhwala a TB ndipo tizilombo sitinaoneke, ajambulidwe CT ndipo adulidwe kanyama kukayeza. Zonse takambazi zimathandiza amene wagwidwa akadali pa siteji 3.

Famasi_Limbe
Ngati zapezeka kuti ali ndi TB ndipo akufunikabe steroid, kumbukirani rifampicin. Imafulumizitsa chiwindi kuphwanya prednisolone, moti mphamvu yake imatsika pafupifupi ndi theka. Mlingo umafunika kukwezedwa, apo ayi mudzati steroid yalephera. Amene ali pa dolutegravir awonjezeredwe 50 mg ina madzulo. Durvalumab yokha silimbana ndi rifampicin kapena ma ARV chifukwa siidutsa njira imeneyo ya chiwindi.

Pa steroid, cholakwika chofala ndi kusiya msanga. Wodwala amapeza bwino pa masiku atatu, wina n'kumupatsa ya masiku asanu ngati ya mphumu. Kutupa kumabwerera mwamphamvu. Imatsitsidwa pang'onopang'ono kwa masabata 4 mpaka 6, mwachitsanzo kuchotsa 10 mg sabata iliyonse. Aliyense amene akhale pa 20 mg kapena kuposa kwa masabata anayi apatsidwe bactrim yoteteza PCP, ali ndi HIV kapena ayi. Omeprazole ya m'mimba, ndi kuyeza shuga kawirikawiri.

Mphepo_yaMwera
Zoona. Ndipo ngati patatha maola 48 mpaka 72 a steroid ya mu mtsempha sakusintha, mabuku amati awonjezeredwe mankhwala ena otsitsa kutupako: infliximab, mycophenolate kapena IVIG. Infliximab imadzutsa TB koopsa. Kwathu kuno isaperekedwe ndi munthu amene sanatsimikize za TB. Pofika pamenepo wodwala akhale ali ku chipatala chachikulu.

Sister_Nangozo
Ndipatuke pang'ono. Achibale akamva kuti immunotherapy ndi mankhwala a chitetezo cha m'thupi, amapita kukagula mabotolo aja amagulitsidwa pa WhatsApp ndi m'misika, olembedwa kuti amakweza chitetezo. Ena amafika poganiza kuti akhoza kusiya diripi n'kumamwa zimenezo poti n'zotchipa. Tiziwauza momveka kuti si zinthu zofanana ngakhale pang'ono. Choopsa china n'chakuti zosakaniza zosadziwika zimatha kupweteka chiwindi, ndiye ALT, muyeso wa chiwindi m'magazi, ikakwera sitidziwa ngati ndi durvalumab kapena botolo, n'kuimitsa mankhwala abwino pachabe.

Gulugufe77
A Sister, kuletsa kokha sikugwira. Amamwabe mobisa.

Sister_Nangozo
N'chifukwa chake sitikalipa. Timafunsa mwaulemu kuti abweretse chilichonse chimene akumwa, cha kwa asing'anga chomwe, tione limodzi. Ukakalipa, ulendo wotsatira sanenanso.

Komanso si mapapo okha amene amatupa. Mu buku la kuchipatala la wodwala, patsamba loyamba, mulembedwe ndi zilembo zazikulu dzina la mankhwala, tsiku la diripi yomaliza ndi nambala ya ku wodi ya khansa. Pansi pake zizindikiro zoti abwere tsiku lomwelo. Kutsegula m'mimba kanayi kapena kuposa pa zimene anazolowera, kapena kwa magazi: kumeneko kungakhale kutupa kwa matumbo, asangopatsidwa loperamide n'kubwezedwa. Maso achikasu. Ludzu lalikulu ndi kukodza pafupipafupi, chifukwa mankhwalawa amatha kuyambitsa shuga yofuna insulin mwadzidzidzi. Kufooka kwambiri, chizungulire ndi BP yotsika, zimene zingakhale ma adrenal (tiziwalo ta pamwamba pa impso) atasiya kugwira ntchito, ndipo hydrocortisone imapulumutsa moyo. Chofala kwambiri ndi chithokomiro. TSH, muyeso wa chithokomiro m'magazi, iyezedwe asanayambe, kenako masabata 4 mpaka 6 alionse. Chikafooka amamwa levothyroxine, diripi n'kumapitirira.

Kachere_Dowa
Nanga amene ali ndi kachilombo? Ena amati immunotherapy n'njoletsedwa kwa iwo.

Nachanza
Si yoletsedwa. Akafukufuku akuluakulu oyamba sankalowetsa anthu a HIV, ndiye maganizo amenewo anachokera pamenepo. Pambuyo pake panachitika ena ang'onoang'ono, monga DURVAST ku Spain wa durvalumab mwa odwala 20 amene anali pa ma ARV, ndipo anapeza kuti amalandira bwino, viral load osasokonekera. Chofunika n'chakuti akhale akumwa ma ARV mokhulupirika, viral load ili pansi. Chenjezo lili pa kemo ndi radiation: CD4 imatsika kwambiri nthawi imeneyo, ndiye bactrim asasiye. Hepatitis B iyezedwenso asanayambe kemo.

Amene timawaopera kwambiri ndi ena: amene anaikidwa impso ya munthu wina, amene ali ndi matenda a chitetezo kudziukira chokha monga lupus yoyaka, ndi amene mapapo awo ali kale ndi zipsera zofalikira.

Mphepo_yaMwera
Gulu lomalizalo tili nalo. Madala amene anagwira ntchito ku migodi ya golide ku Joni nthawi ya Wenela ndi Theba, ambiri ali ndi fumbi la miyala m'mapapo. Matenda amenewa, silicosis, amakweza chiopsezo cha TB komanso cha khansa ya m'mapapo, ndipo phapo lotsala logwira ntchito limakhala lochepa kale. Mufunseni wodwala aliyense kumene anagwirako ntchito. Oterewa ayezedwe mphamvu ya mapapo asanawotchedwe, ndipo a Mfizikisi adziwitsidwe kuti afinye V20. Tinthu ta silicosis ndi anabere ake timawalanso pa PET (chithunzi chofufuzira kufalikira kwa khansa), n'kuoneka ngati khansa yafalikira pamene ayi.

MnyanjaWaKuLeeds
Chinthu china chimene sichinatchulidwe: kanyama kaja kayezedwe EGFR ndi ALK (kusintha kwa majini m'maselo a khansa) durvalumab isanagulidwe, makamaka kwa amayi ndi kwa amene sanasutepo fodya. Amene ali ndi EGFR sapindula kwenikweni ndi durvalumab. Kafukufuku wa LAURA wa mu 2024 anawapatsa mapiritsi a osimertinib akamaliza kemo ndi radiation, ndipo anakhala miyezi 39.1 khansa isanakule, osalandira miyezi 5.6. Choopsa n'kuyamba durvalumab, zotsatira za EGFR n'kubwera mochedwa, kenako n'kusinthira ku osimertinib pasanapite miyezi itatu. Kutsatizana kumeneko kumabweretsa kutupa kwa mapapo koopsa. Osimertinib nayo imafooketsedwa kwambiri ndi rifampicin.

PD-L1 nayo ili ndi mkangano wake. Ku America durvalumab inaloledwa mu February 2018 kwa a siteji 3 omaliza kemo ndi radiation, posayang'ana PD-L1. Ku Ulaya ndi kuno ku UK inaloledwa kwa amene PD-L1 yawo ili 1 pa 100 kapena kuposa. Banja limene likulipira lokha lili ndi ufulu wodziwa nambala imeneyi lisanayambe chaka chonse cha madiripi.

Gulugufe77
Zonsezi ndi za mtundu wa non-small cell eti? Nanga small cell?

Nachanza
Eya. Non-small cell ndi small cell ndi mitundu iwiri ikuluikulu ya khansa ya m'mapapo. Pa small cell imene sinatuluke m'chifuwa pali ADRIATIC, wa mu 2024. Durvalumab pambuyo pa kemo ndi radiation, mpaka miyezi 24. Olandira anakhala moyo miyezi 55.9, osalandira 33.4. Dongosolo ndi lomwelo, kuwotcha kaye.

Mfizikisi_LL
Popeza makina a radiation ayamba kupezeka muno, ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kuwonjezera pa Cancer Diseases Hospital ya ku Lusaka, ndinene za masiku odumpha. Pa masabata 6 aja maselo a khansa otsala amayamba kuswana mofulumira chakumapeto. Tsiku lililonse lodumpha limawapatsa mpata. Malangizo a Royal College of Radiologists ku UK amati pa khansa zokula msanga ngati imeneyi nthawi yonse isatalike kupitirira masiku awiri. Likadumpha tsiku, kaya makina anaima kaya wodwala anasowa thiransipoti, timabweza powotcha Loweruka, kapena kawiri tsiku limodzi motalikitsa maola osachepera 6. Kungowonjezera masiku kumapeto si kubweza.

Chimene chimadumphitsa ambiri ndi kummero. Kuyambira sabata yachitatu kumeza kumapweteka chifukwa kummero kuli pafupi ndi anabere owotchedwawo. Wodwala amasiya kudya, amawonda, thupi limasintha mpaka pulani siyikumukwananso. Ayezedwe pa sikelo sabata iliyonse.

Sister_Nangozo
Pamenepo morphine wamadzi mphindi 30 asanadye amathandiza kwambiri. Phala la likuni lofewa lothira nsinjiro, mazira, mkaka, nthochi zakupsa, pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Zotentha kwambiri, tsabola ndi mowa ayi. Yang'anani m'kamwa, nthawi zambiri mumakhalanso mafangasi ofuna fluconazole. Munthu akafika kumapeto kwa radiation atatheratu, masiku 42 aja amadutsa asanakhale ndi mphamvu zoyambira durvalumab.

MnyanjaWaKuLeeds
Kwa ochokera kutali pali njira ya 55 Gy m'magawo 20, masabata anayi, imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri kuno ku UK. Kwa ofooka amene sangapirire kemo ndi radiation pamodzi, zimaperekedwa motsatizana. Durvalumab pambuyo pa njira yotsatizanayi inayesedwa mu PACIFIC-6 ndipo odwala anaipirira, ngakhale umboni wake si wolemera ngati wa PACIFIC woyamba.

Dzuwa_Chipata
Tinene zoona, ndi mabanja angati angakwanitse miyezi 12? Ku Tata Memorial ku Mumbai anapereka nivolumab 20 mg yokha masabata atatu alionse ndipo inathandiza. Bwanji osachepetsa mlingo wa durvalumab chimodzimodzi?

Famasi_Limbe
Kafukufuku ameneyo anali wa khansa ya kumutu ndi pakhosi, pamodzi ndi mapiritsi ena a kemo, osati wa m'mapapo pambuyo pa radiation. Sitingangosamutsa. Koma pali kupulumutsa ndalama kumene kuli mkati mwa malamulo. Mlingo wa mu PACIFIC unali 10 mg pa kilogalamu masabata awiri alionse. Wa masiku ano wa 1500 mg masabata anayi alionse unawerengeredwa pa munthu wa makilogalamu 75. Wodwala wathu wa makilogalamu 50 pa mlingo wa kulemera amafuna 500 mg, kabotolo kamodzi ndendende, 1000 mg pa masabata anayi m'malo mwa 1500. Kuipa kwake ndi maulendo awiri m'malo mwa umodzi. Dokotala ndi banja awerengere limodzi.

Kwa amene amabwera nawo okha mankhwala kuchokera kunja: timabotolo tilipo ta 120 mg ndi 500 mg, timasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Tisaundane, tisakhutchumulidwe. Kuika kabotolo mogundana ndi ayezi mu kulaboksi kumakaumitsa, ndipo kakaundana katayidwe. Amasungunula mu saline kapena dextrose 5%, diripi ya mphindi 60, yodutsa mu fyuluta ya 0.2 kapena 0.22 micron. Musapereke dexamethasone yoteteza mseru ngati mmene timachitira ndi kemo, siifunika.

Nachanza
Ndipo banja limene silingakwanitse durvalumab lisaganize kuti palibe chimene lapeza. Anthu 33 pa 100 aja amene anali moyo patatha zaka zisanu anali a gulu la kemo ndi radiation popanda durvalumab pambuyo pake. Ngati ndalama zikukwana chinthu chimodzi, zipite ku kumaliza radiation yonse popanda kudumpha.

Kachere_Dowa
Ndathokoza kwambiri nonse. Lomaliza: bambo uja akachira, durvalumab ayambirenso kapena basi?

Nachanza
Zitengera giredi. Ngati inali giredi 2, kubanika kwatha, chithunzi chikusintha, ndipo prednisolone yatsika kufika 10 mg patsiku kapena kuchepera, akhoza kuyambiranso, ndipo aonedwe pafupipafupi chifukwa kutupa kumatha kubwerera. Kukabwereranso, ambiri timasiyiratu. Ngati inali giredi 3 kapena 4 yochokera ku mankhwalawo, sayambiranso. Ngati inali TB, ayambe mankhwala a TB, ndipo za kuyambiranso akambirane dokotala wa khansa ndi wa TB akaona kuti akupeza bwino, poyang'anitsitsa chiwindi chifukwa mbali zonse ziwiri zimachikhudza.

Mfizikisi_LL
Pa X-ray zotsatira musadabwe kuona chipsera pamalo owotchedwa. Kuyambira miyezi 6 mpaka chaka kapena kupitirira, malowo amauma n'kukokana, phapo limachepa mbali imeneyo, ndipo sizichoka. Chimenecho chokha si chifukwa choyambira steroid kapena mankhwala a TB. Chodetsa nkhawa ndi chipsera chimene chinali chitakhazikika n'kuyamba kufufuma m'mphepete kapena kukula patapita chaka. Chimenecho chitumizidwe ku CT, pamodzi ndi zithunzi zakale zoti ayerekezere.